Thandizeni: shortbread wanga akuphwasuka mu uvuni

Amayi ndi abambo amene mumadziwa zophika mabisiketi, ndabwera kudzapempha nzeru.

Mlamu wanga amakhala ku Scotland, ndipo chaka chatha anatibweretsera shortbread wa Walkers, kampani ija ya ku Aberlour imene inayamba mu 1898. Anandiuza kuti kwawoko bisiketi imeneyi sisowa pa Hogmanay, usiku wolowera chaka chatsopano, komanso kuti njira yophikira inasindikizidwa koyamba mu 1736. Chimene chinandikoka mtima n'chakuti zofunika n'zitatu basi: shuga gawo limodzi, batala magawo awiri, ufa watirigu magawo atatu. Palibe dzira, palibe chofufumitsa.

Ndayesa katatu tsopano. Ndimayeza magalamu 100 a shuga, 200 a batala ndi 300 a ufa. Wodula timizere ngati zala amatulukako bwino, koma wozungulira wamkulu uja wogawa ngati keke, amene amati petticoat tails, amaphwasuka, m'mbali n'kupsa pakati pasanapse. Ulendo wachitatu batala anadula, ndiye ndinaika majarini. Anatuluka wolimba, osafumbutuka m'kamwa monga uja wa mlamu.

Kodi vuto ndi majariniyo, kapena ndikukanda kwambiri? Nanga kuno kukutentha chonchi, ndiyambe ndauika mu fuliji ndisanawotche? Kwa mphindi zingati?

China: ena amachotsako ufa watirigu pang'ono n'kuikapo ufa wampunga kuti azikhala ngati wamchengamchenga. Alipo anayesapo mpunga wa Kilombero wogayitsa kuchigayo? Munaika wochuluka bwanji?

Ndikufuna kuwaphikira amayi anga pa Khirisimasi, chonde ndithandizeni.