Galimoto yamagetsi ya nambala ya UK: ndingalowe nayo Brussels ndi Köln osalembetsa?

NaPhiri_Leeds:
Abale, mwezi wamawa tikupita ku Köln pagalimoto. Tidzawolokera ku Calais n'kugona ku Brussels. Galimoto yathu ndi yamagetsi okhaokha, nambala ndi ya UK. Poti situlutsa utsi, kodi malamulo oletsa magalimoto kulowa m'kati mwa mizinda akutikhudzanso ife?

Wakumpoto:
Akukukhudzani, achemwali, ndipo ambiri amagwa pomwepa. Kamera sinunkhiza utsi, imangowerenga nambala n'kuifufuza m'kaundula wa dzikolo. Nambala ya UK mulibe m'kaundula wa ku Belgium, ndiye kompyuta sidziwa ngati yadutsayo ndi yamagetsi kapena ya dizilo yakalekale.

Brussels inayamba lamuloli mu 2018. Lembetsani pa lez.brussels, n'kwaulere. Khalani ndi V5C, chikalata cha galimoto cha ku UK, pafupi, chifukwa adzafuna nambala, tsiku limene galimoto inalembetsedwa koyamba ndi mtundu wa mafuta, pamene pa yanuyo palembedwa kuti ndi yamagetsi. Mukapanda kulembetsa, chindapusa ndi mayuro 150, ngakhale galimotoyo ili yololedwa. Chindapusacho ndi cha kusalembetsa basi. Polemba nambala samalani ziro ndi chilembo O. Mukasokoneza ziwirizi, mwalembetsa galimoto ina, yanu idakali yachilendo kwa kamera. Chitani izi musananyamuke kunyumba, osati pafoni muli pamzere wa sitima.

Mukaganiza zopatukira ku Antwerp kapena Ghent, kumeneko n'kulembetsanso kwina. Kwa Brussels sikugwira ntchito uko.

Mjomba_Gift:
Ku Germany nkhani ndi sitika, osati kamera. Köln ili m'gulu la mizinda yoyamba kukhala ndi Umweltzone, dera loletsa magalimoto otulutsa utsi wambiri, mu 2008, pamodzi ndi Berlin ndi Hannover. Mufunika sitika yobiriwira yolembedwa 4, ndipo yamagetsi nayonso imafunika kukhala nayo. Popanda sitikayo ndi mayuro 100, ndipo amatha kukulemberani galimoto itangoima pamsewu inu muli m'sitolo.

Njira yachidule: mukangolowa m'dzikolo imani pa TÜV kapena DEKRA, malo oyezera magalimoto, muonetse V5C, akulemberani nambala yanu pasitikapo. Koma Lamlungu kumakhala kotseka, choncho ngati mukufika kumapeto kwa sabata itanitsani papositi kudakali masabata angapo. Imamatidwa m'kati mwa galasi lakutsogolo, m'munsi kudzanja lamanja. Pagalimoto ya UK mbali imeneyo ndi ya dalaivala, musadabwe. Pukutani galasilo liume kaye, chifukwa ukaimata mokhota n'kuyesa kuimatula imang'ambika, ndipo yong'ambika ndiye kugula ina.

Kuli sitika inanso yabuluu ya magalimoto amagetsi akunja. Imeneyo ndi yothandiza pa malo oimikapo magalimoto m'mizinda ina, silowa m'malo mwa yobiriwira.

NaPhiri_Leeds:
Zikomo kwambiri. Nanga ku France, poti tingodutsa?

Wakumpoto:
Kuchoka ku Calais kulunjika malire a Belgium ndi kamtunda kochepa. Koma ngati pobwerera mungafune kuima ku Lille kapena Paris, gulani Crit'Air, sitika ya ku France yosonyeza mlingo wa utsi wa galimoto, pa certificat-air.gouv.fr pokha, chifukwa masamba ena amagulitsa sitika yomweyo pamtengo wokwera kangapo. Imabwera papositi, ndiye musadikire sabata yomaliza. Onaninso kumbuyo kwa galimoto: kuyambira mu 2021 chizindikiro chovomerezeka ndi UK, cha GB chija chinatha ntchito.