Starting Grant ya ERC pa nkhani ya likodzo: nditumize Okutobala wa 2024 uno kapena ndidikire?

Nachisale: Moni nonse anzanga. Ndili pamphambano ndipo nthawi ikundithera. Ndikufuna kupikisana nawo pa Starting Grant, ndalama za ofufuza ongoyamba kudziimira zochokera ku European Research Council (ERC), mpikisano wa 2025, umene ukutseka pa 15 Okutobala 2024. Ndikugwira ntchito pa yunivesite ina kuno ku UK, ndipo poti dziko lino linalowa mu Horizon Europe, pulogalamu ya kafukufuku ya European Union imene ERC ili pansi pake, mu Januwale 2024, khomo ndi lotsegula. Nkhani yanga ndi likodzo. Mukukumbukira kuti mu 2019 kunatuluka lipoti loti mwa ana ena ku Malawi munapezeka mazira a haibulidi, osakanikirana pakati pa Schistosoma haematobium wa anthu ndi Schistosoma mattheei wa ziweto. Ndalemba kuti ndidzayeza mkodzo wa ana asukulu ku Mangochi ndi ku Nsanje, ndowe za ng'ombe ndi mbuzi, ndidzatola nkhono pamadooko, kenako ndidzajambula mapu osonyeza pamene haibulidi wafika. Mphunzitsi wina wamkulu wa kuno, amene anakhalapo pa panel, gulu loweruza ma proposal, wawerenga masamba 5 a B1, chidule cha proposal yanga, n'kundiuza kuti ntchitoyi ndi yofunika koma si ya ERC. Sanafotokoze zambiri. PhD ndinaiteteza mu Juni 2018, ndiye mmene ndikuonera ine, chaka chino n'chomaliza. Ndikonze mofulumira n'kutumiza, kapena ndizisiye?

A Mbewe: Achemwali, tisanafike ku sayansi tiyambe tawerenga zaka. Pepani ndilowa za pakhomo: muli ndi mwana?

Nachisale: Eya, mmodzi. Anabadwa mu 2020.

A Mbewe: Ndiye chaka chino si chomaliza ayi. Lamulo la mpikisano wa 2025 likuti zaka 2 mpaka 7 chitetezereni PhD, kuwerenga kulekeza pa 1 Januwale wa chaka cha mpikisanowo. N'chifukwa chake wa 2025 ukulandira amene anateteza kuyambira pa 1 Januwale 2018. Koma mayi amamuwonjezera miyezi 18 pa mwana aliyense, kaya mwanayo anabadwa PhD isanathe kapena itatha. Juni 2018 wanuyo ndiye kuti awerengedwa ngati Disembala 2019, ndipo mpikisano wa 2026 mulowa bwinobwino malamulo akapanda kusintha. Sizichitika zokha, mumapempha pa fomu n'kuikapo chikalata cha kubadwa kwa mwana. Lemberani ofesi ya kafukufuku pa yunivesite yanu ndiponso National Contact Point wa UK, ofesi yolangiza opempha ndalama za ERC, akuyankheni polemba, musangodalira mawu anga.

A Phiri: Ngakhale zili choncho, ine ndikuti tumizani. Taonani zotsatira za 2024 zimene zinatuluka mu Seputembala 2024: anapempha anthu 3,474, apambana 494. Pa anthu 7 alionse wadutsa mmodzi. Pampikisano wotero ngakhale proposal yabwino imagwa, ndiye kuli bwino kuyesa kawiri. Komanso mukagwa amakutumizirani ndemanga za amene anawerenga, ndipo zimenezo n'zimene zimamanga proposal yachiwiri.

A Mbewe: A Phiri, nzeru imeneyo imagwira kwina, koma ku ERC kugwa kuli ndi chilango. Malinga ndi malamulo a mpikisano wa 2025, pa gawo loyamba la kuweruza amapereka A, B kapena C. Mukapeza B pamenepo, mpikisano wotsatira simulowa. Mukapeza C, mumakhala panja mipikisano iwiri. Amene sakhudzidwa ndi amene apeza A, kapena amene agwera pa gawo lachiwiri. Tsono taganizani: achemwaliwa atumize chinthu chimene munthu wodziwa wanena kale kuti si cha ERC, apeze B. Ndiye kuti 2026, chaka chimene mwana wawapatsa, chapita, ndipo kotsala, malamulo akapanda kusintha, n'kukapikisana pa Consolidator, grant ya ERC ya ofufuza amene apita patsogolo, ndi anthu okhala ndi malabu awoawo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pulofesa Gondwe: Ndawerenga zonse. A Mbewe akunena zoona, koma chaka chowonjezeracho sichipindula kanthu funso likakhala lomweli.

Mayi Nachisale, mnzanga amene anakuwerengerani uja ndikumumvetsa. Zimene mwalemba zikufunsa kuti haibulidi ndi wochuluka bwanji ndipo ali kuti. Unduna wa zaumoyo ukulifuna funso limeneli, ndipo alipo opereka ndalama amene angalilandire ndi manja awiri. Koma tonse tikudziwa kale maonekedwe a yankho lake: mapu ndi maperesenti. ERC muyeso wake ndi umodzi, kupambana kwa sayansiyo. Owerenga amafuna funso loti yankho lake, kaya ligwere uku kapena uko, lisinthe kaganizidwe ka wasayansi amene sanamvepo dzina la Mangochi.

Funso loterolo muli nalo kale, kungoti mwalikwirira pansi pa mapu. Nyongolotsi zimenezi sizikwerana m'madzi, ndipo mu nkhono zimangochulukana popanda mwamuna ndi mkazi. Yaimuna ndi yaikazi zimakumana m'mitsempha ya magazi ya munthu kapena ya nyama. Choncho kuti haibulidi abadwe, pali thupi limene linalandira mitundu yonse iwiri pa nthawi imodzi. Thupi la ndani? La mwana wosamba padooko, la ng'ombe yomwera pomwepo, kapena la kanyama kena kamene sitikukaganizira? Ndipo ngati zikukweranadi chaka ndi chaka, n'chiyani chikuletsa mitundu iwiriyi kusungunuka n'kukhala umodzi?

Nkhaniyi a ku Ulaya ikuwakhudza. Mu 2013 anthu osamba mumtsinje wa Cavu ku Corsica anatenga likodzo, ndipo tizilombo take tinali ndi majini a haematobium ndi a Schistosoma bovis wa ng'ombe, tofanana ndi ta ku Senegal. Ambiri tinaganiza kuti kukwerana kukuchitika masiku omwe ano. Koma ena atawerenga mbali yaikulu ya genome, ndiko kuti majini onse a kachilomboka, anapeza kuti majini a bovis aja analowa mwa haematobium kalekale, mibadwo yoposa 100 yapitayo. Zizindikiro ziwiri za m'majini zimene timadalira masiku onse, cox1 ndi ITS, sizikwanira kuweruza mlandu umenewu. Genome yonse imatha. Mwana woyamba wa haibulidi amatenga theka kwa uyu, theka kwa uyo, kuyambira kumutu mpaka kumchira kwa chromosome iliyonse. Mibadwo ikamapita, zidutswa zochokera mbali inayo zimanka zifupika. Utali wa zidutswazo ndiwo ukuuzani kuti zinakwerana liti. Ngati kwa mattheei kwathu kuno mupeza zidutswa zazitali pamene kwa bovis n'zazifupi, ndiye kuti muli ndi mwayi wosowa woonerera ndi maso chimene ku West Africa chinachitika kale anthu osaona.

Nachisale: A Pulofesa, zikomo kwambiri, mwanditsegula maso. Koma pali chimene chikundivuta mumtima. Ine ndinalowa ntchito imeneyi chifukwa cha ana okodza magazi. Ndikayamba kulemba za malire a mitundu ya zamoyo, kodi anawo sindiwasiya pambuyo?

Pulofesa Gondwe: Simuwasiya. Praziquantel, mankhwala a likodzo, timagawa m'masukulu poganiza kuti likodzo la mumkodzo limazungulira pakati pa munthu ndi nkhono basi. Ngati ng'ombe zikubwezeranso mbewu m'madzi, mankhwala a kusukulu okha sadzalithetsa, ndipo yankho lanu ndilo lidzanene zimenezo. Lembani choncho, koma likhale phindu lotuluka m'funso, osati funso lenilenilo.

Zikatero panel yanu isinthenso. Ndikuganiza kuti munaloza LS7, ya kapewedwe, kapezedwe ndi kachizidwe ka matenda a anthu. Funso latsopanoli kwawo ndi ku LS8, ya zachilengedwe ndi kusintha kwa zamoyo. Kumbukirani kuti pa gawo loyamba amawerenga B1 yokha, ndipo owerengawo ndi mamembala a panel. Wina mwina moyo wake wonse wafufuza mbalame, wina mitengo. B2, proposal yatsatanetsatane, pamodzi ndi akatswiri a likodzo amabwera pa gawo lachiwiri, limene panel iliyonse imapititsako osapitirira 44, n'kuwaitana ku interview. Munthu wa mbalame uja akapanda kugwidwa mtima ndi ndime yanu yoyamba, masamba a B2 palibe adzawatsegule.

Nabanda: Ndiyankhule ine wa kuno ku Blantyre, chifukwa ntchito ya m'madziyo idzagwera ife. Achemwali, ine ndikuti dikirani, ndipo chifukwa changa si cha zilembo A, B, C.

Choyamba, kodi muli ndi umboni woti mungathe kuwerenga genome kuchokera ku miracidium imodzi, kachilombo kotuluka m'dzira la likodzo? Ndikudziwa mmene zimakhalira. Mumasefa mkodzo, mazira n'kuwaika m'madzi oyera powala, n'kudikira aswe. Kenako diso pa maikulosikopu, pipette m'dzanja, kusaka kanthu kothamanga kosaoneka ndi maso wamba, n'kukadontheza pa khadi la FTA losungira DNA, kadontho kamodzi kachilombo kamodzi. DNA ya m'kadontho kameneko ndi yochepa zedi, imayamba yachulukitsidwa isanawerengedwe, ndipo makhadi ena amakana, makamaka akanyowa m'dzinja. Mukaonetsa mu B1 chithunzi chimodzi cha chromosome zoti mwawerenga nokha kuchokera ku makhadi a ku Mangochi, palibe adzakaikire. M'masabata otsalawa simungachipeze chithunzicho. M'chaka chimodzi mungathe.

Chachiwiri ndi zilolezo. Za anthu zimadutsa ku COMREC kapena ku NHSRC, makomiti a kuno ovomereza kafukufuku wa zaumoyo, za ziweto zili ndi njira yake ku dipatimenti ya ziweto, ndipo kutulutsa makhadi kunja kumafuna Material Transfer Agreement, pangano lotumizirana zinthu za kafukufuku. Ngati muli ndi makhadi akale, bwererani ku fomu imene makolo anasaina kapena kudinda chala, muone ngati inalola kusunga zinthuzo ndi kuzigwiritsa ntchito pa kafukufuku wina. Ikapanda kutero, muyambira kukapempha chilolezo chatsopano.

Chachitatu ndichinene mosabisa. Ndinagwirapo ntchito ndi gulu lina lakunja limene linatilemba mu proposal ngati otola zinthu chabe. Anyamata athu anathera miyezi m'matope, makhadi anakwera ndege, ndipo dzina la Mmalawi linakapezeka m'mawu othokoza okha. Inu ndinu wathu, musatichite zotero. ERC imalola kuti ena a m'timu yanu akhale kunja kwa Ulaya ngati sayansi yake ikufuna choncho. Lembani bungwe la kuno ndi bajeti yakeyake, muikemo wophunzira wa PhD wa kuno, ndipo gawo lina la kusanthula data lichitikire kuno. Pangano lotero maofesi awiri a zandalama salimaliza m'mwezi umodzi.

A Phiri: Chabwino, ndagonja. Za chilango cha B zija sindinazilingalire mokwanira. Ndithandizepo pa bajeti. Ndalama ndi ma euro 1.5 miliyoni pa zaka 5, koma gawo la yunivesite, 25 peresenti yowerengedwa pamwamba pa ndalama za ntchito yeniyeniyo, lili mkati momwemo, ndiye musawerenge ngati yonse ndi ya labu. Pali ina yowonjezera, mpaka 1 miliyoni, imene mungapemphe pa zida zikuluzikulu kapena pa ntchito yaikulu ya kumudzi. Zaka zingapo zotsata ana ndi ng'ombe za padooko limodzi zingalowe pamenepo mukafotokoza bwino. Samalaninso ndi nthawi yanu: theka la nthawi yogwira ntchito muyenera kukhala ku Ulaya kapena m'dziko logwirizana nawo monga UK, ndipo theka la nthawi yanu yonse lipite ku polojekitiyi. Musalembe kuti mudzakhala kunyanja miyezi 8 pachaka. Izi zikungotsimikiza zimene Nabanda wanena, kuti kwathu kukufunika munthu wodziwa woyendetsa ntchito inu kulibe.

Nachisale: Ndamva, ndipo ndidikira wa 2026. Ndalembera kale ofesi yathu za miyezi 18 ija. Mfundo ya ndime yoyamba tsopano ikhala iyi: mitundu iwiri ya nyongolotsi, wina wa anthu wina wa ziweto, ikubereka ana kum'mwera kwa Africa koma siinasungunuke. Ndikufuna kupeza thupi limene imakumaniramo, nthawi imene inayamba kukwerana, ndi mbali za genome zimene zimakana kuwoloka. Ndidzayezanso ngati haibulidi amamva praziquantel mofanana ndi makolo ake, ndi mitundu ya nkhono za Bulinus imene imamulandira.

Pulofesa Gondwe: Mpaka pa "kuwoloka" mwalasa. Chiganizo chomalizacho chichotseni m'ndime yoyamba. Za praziquantel ndi polojekiti inanso payokha, ndipo owerenga adzafunsa kumene mudzapeze nyongolotsi zazikulu zoti muyeze. Za nkhono zisungeni, koma zikhale njira yoyankhira funso la malire, chifukwa mwina nkhono ndiyo ikusefa haibulidi. Muwonjezenso chimene mudzachite mukapeza kuti kwa mattheei nakonso zidutswa n'zazifupi. Yankho limenelo nalonso ndi lalikulu, koma mulinene nokha asanakufunseni. Mukalemba tsamba limodzi nditumizireni, ndipo mulipatsenso munthu wa LS8 amene sadziwa kanthu za likodzo.

Nabanda: Achemwali, nditumizireni fomu ya makolo ija ndi kalata ya chilolezo chakale Lachisanu lisanafike, ndione ngati tingangopempha kusintha pang'ono kapena tiyamba zatsopano. Mundiuzenso kuchuluka kwa makhadi amene muli nawo ndi mmene anasungidwira. Akakhala osakwanira tipangane zokatola ena ku Mangochi sukulu zisanatseke mu Disembala.