Chipi yoyezera CRP ikuwala ngakhale mulibe kanthu, tikulakwitsa pati?

Membala wosatchula dzina:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Tikupanga chipi (kachipangizo kakang'ono ka tingalande todutsa madzi) yoyezera CRP, puloteni imene imakwera m'magazi thupi likatupa, mu serum, madzi otsala magazi akaundana. Ndi ya PDMS (mphira wa silikoni) yomatidwa pagalasi, kangalande kake 500 µm m'lifupi, 50 µm kuya, 20 mm m'litali. Pagalasi timayamba ndi APTES ndi glutaraldehyde, mankhwala omatira mapuloteni, kenako Protein G, puloteni yogwira ma antibody, kenako antibody wa mbewa wogwira CRP. Antibody wachiwiri, wa utoto wowala, timamusakaniziratu ndi serum, pampu n'kumakankha pa 5 µL pa mphindi. Koma tikalowetsa buffer (madzi osungunulira) wopanda CRP, kangalande kakuwalabe. Serum amene makina a mu labu akuti wadutsa 150 mg/L, chipi ikumuwerenga wotsika kwambiri. Timathovu tampweya natonso sitikutha. Kodi tigule ma antibody ena?

Tekinishani wa labu:
Musagule kaye, ndalama zingangopita. Ine ndikuloza chala Protein G. Iyeyu sasankha, amagwira mchira wa IgG aliyense amene wamudutsa pafupi (IgG ndi mtundu wa antibody wochuluka kwambiri m'magazi). Antibody woyamba akamata pamatsala malo, ndiye wa utoto uja amakhala pomwepo popanda CRP. Komanso serum wa munthu ali ndi IgG pafupifupi 10 g/L, ndipo IgG ameneyo amalimbirana malo omwewo mpaka kukankha antibody wanu woyamba.

Kuti mutsimikize, konzani tingalande titatu. Koyamba chitani zonse koma musaike antibody wa utoto, mujambule. Kakawala, ndi glutaraldehyde, chifukwa payekha amawalako. Kachiwiri ikani Protein G opanda antibody woyamba, mulowetse wa utoto. Kachitatu musaike Protein G, ingotsekani malo ndi BSA (puloteni ya m'magazi a ng'ombe) n'kulowetsa wa utoto. Kachiwiri kakawala kuposa kachitatu, mlandu wapezeka.

Mukamuchotsa Protein G, matani antibody mwachindunji, koma akhale mu PBS (buffer wa mchere ndi phosphate) wa pH 7.4. Mu Tris kapena glycine ayi, chifukwa ma amine ake amalanda malo onse antibody asanafike. Akamata, phani ma aldehyde otsala a glutaraldehyde ndi ethanolamine kwa mphindi 30, mutseke ndi BSA 1% kwa ola limodzi, mutsuke ndi PBS wokhala ndi Tween-20 0.05%. BSA adzaze kangalande konse, osati pansi pokha. Makoma ndi denga n'zopangidwa ndi PDMS, ndipo PDMS imakoka mapuloteni kwambiri.

Wa za ma immunoassay (kuyeza pogwiritsa ntchito ma antibody):
Atekinishani anena zoona. Ine nditengeko funso lachiwiri. Kuwerenga kotsika pa serum wokwera ndi hook effect, ndipo mwaiitana nokha posakaniza serum ndi antibody wa utoto nthawi imodzi. Taonani masamu ake. Pansi pa kangalande kanu ndi 10 mm² basi, ndipo antibody amene angakwane pamalo otere sapitirira ma nanogalamu makumi ochepa. Serum wa 150 mg/L ali ndi 150 ng ya CRP mu 1 µL iliyonse. CRP akachuluka chotere, wina amadzaza antibody wapagalasi, wina amatenga wa utoto n'kutuluka naye kunja. Awiriwo sakumana, kuwala n'kutsika.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Tengani serum yemweyo, musungunule 1:10, 1:100, 1:1000 ndi 1:10000. Mukaona wosungunula akuwala kuposa wosasungunula, palibenso chofunsa.

Gawani ntchitoyo pawiri: serum wosungunula alowe yekha, mutsuke, kenako mulowetse wa utoto, mutsukenso. Kangalande kanu kamalowa 0.5 µL, choncho kutsuka ndi 10 µL ndi kusintha madzi ka 20. Posungunula yambirani pa 1:1000, apo 150 mg/L amatsika kufika 150 ng/mL. CRP sasowa m'magazi ngati troponin, puloteni yoyezera kuvulala kwa mtima. Vuto lake ndi lakuti amayambira pansi pa 1 mg/L n'kukwera mpaka mazana, ndiye kusungunula kumodzi mwina sikungakwanire mbali zonse. Ngati mukufunanso hs-CRP, kuyeza CRP wochepa kwambiri ngati wa pakati pa 1 ndi 3 mg/L, mupatseni kangalande kakekake.

Mkonzi wa ma chipi:
Za mathovu musazichepetse, achimwene kapena achemwali. Thovu likadutsa pamene pali antibody limamuwononga, ndipo likaima pakona madzi amalambalala, malo amenewo osatsukika. Plasma ya mpweya yomatira chipi (osati ya m'magazi) imachititsa PDMS kukonda madzi kwa maola ochepa chabe, kenako imabwerera kukana madzi. Ndiye mukamata chipi, musaigoneke youma. Lowetsani ethanol 70%, kenako madzi, kenako PBS. Ethanol akhale woyamba mapuloteni asanalowe, akabwera pambuyo awononga zonse. Njira ina ndi kuika chipi mu vacuum kwa mphindi 20 kapena 30 musanadzaze. PDMS imadutsa mpweya, ndiye ikatuluka mmenemo imamwa yokha timathovu totsalira. Polumikiza kapaipi, pakhale dontho kunsonga kwa kapaipi ndi dontho pabowo, madontho akumane kaye. Buffer wochokera mu firiji adikire atenthe, chifukwa madzi ozizira amasunga mpweya wambiri n'kuutulutsa akafunda m'kati mwa chipi.

Liwiro lanunso ndi lalikulu. Pa 5 µL pa mphindi, madzi amakhala m'kangalande masekondi 6 okha. M'tingalande totere madzi sasakanikirana, amayenda mizeremizere, ndipo puloteni yaikulu ngati CRP imatenga pafupifupi theka la mphindi kuti itsike 50 µm. Yambiri ikungodutsa pamwamba. Tsitsani kufika 1 µL pa mphindi, mugwiritse sirinji yagalasi yaing'ono. Yaikulu yapulasitiki imakankha modumphadumpha pa liwiro lotsika.

Membala wosatchula dzina:
Zikomo kwambiri nonse. Tikaika streptavidin (puloteni yogwira vitamini wa biotin) ndi antibody womatidwa biotin m'malo mwa Protein G, pali msampha? Nanga magazi a kuchala angalowe mwachindunji?

Wa za ma immunoassay:
Streptavidin ndi yabwino, bola antibody wa biotin amate kaye ndipo mutsuke serum asanalowe. Mukalowetsa pamodzi, biotin wa m'magazi a munthu amene amamwa mavitamini a tsitsi ndi zikhadabo amalanda malo, zotsatira n'kutsika monama. FDA, bungwe la ku America loona za mankhwala, inachenjeza za zimenezi mu 2017, makamaka poyeza troponin.

Msampha wina uli mu serum mwenimweni. Anthu ena ali ndi rheumatoid factor (antibody wogwira mchira wa IgG) kapena ma antibody olimbana ndi IgG wa mbewa. Amenewa amalumikiza ma antibody anu awiri popanda CRP, chipi n'kuwala. Thirani IgG wamba wa mbewa mu buffer wosungunulira, kapena antibody wa utoto akhale F(ab')2 wopanda mchira. Muikenso kangalande kofananizira kokhala ndi antibody wa mbewa wosagwira CRP, kuwala kwake muzichotsera.

Tekinishani wa labu:
Magazi a kuchala asiyeni kaye mpaka serum atakhazikika. Kangalande ka 50 µm kamatsekeka msanga ndi maselo ndi timagazi toundana. CRP ali mu plasma (madzi a m'magazi), ndiye dontho lofanana la munthu wa haematocrit (gawo la maselo ofiira m'magazi) 30% ndi la wa 50% lili ndi plasma yosiyana, muyenera kuwongolera powerengera kapena kusefa maselo asanalowe. Kufinya chala kumaphwanya maselo n'kuwonjezera madzi a m'minofu. Mukasankha EDTA woletsa magazi kuundana, yesani kaye, chifukwa amachotsa calcium ndipo ma antibody ena a CRP amagwira mosiyana calcium akachoka.

Mkonzi wa ma chipi:
Apa ndisiyane nanu pang'ono, atekinishani. Kusungunula 1:1000 kumachepetsa kale za kutsekeka, chovuta chenicheni ndi haematocrit yomweyo. Koma zoyamba ndi serum ndikugwirizana nazo. Ndipo ngati cholinga ndi kupanga zambiri, musazolowere PDMS kwambiri. Ma chipi ogulitsa nthawi zambiri amakhala a pulasitiki wa COC kapena PMMA, ndipo kamatidwe ka antibody kadzayambanso kuyesedwa mukasamukira kumeneko.

Woona za kulondola kwa zoyeza:
Kuwala konama kuja kukatha musafulumire kusangalala. Ma standard (zitsanzo za CRP wodziwika kuchuluka kwake) akonzedwe mu serum wochotsedwa CRP, osati mu PBS yekha. Yezani blank (chitsanzo chopanda CRP) ka 20 pa ma chipi osiyana ndi masiku osiyana, malire otsika akhale avareji kuwonjezera SD (standard deviation, muyeso wa kumwazikana kwa zotsatira) katatu. Mzere wa calibration ukhale wa 4PL (wopindika ngati S), osati wowongoka. Thirani CRP wodziwika mu serum muone ngati akubwerera pakati pa 80% ndi 120%, ndipo CV (SD poyerekeza ndi avareji) ya pakati pa ma chipi isapitirire 15%. Kamera ikhale ndi exposure imodzi nthawi zonse, nyali iyake pojambula pokha kuti utoto usazilale. Kenako yezani zitsanzo zosachepera 40 pa chipi ndi pa makina a mu labu, zotsika ndi zokwera zomwe, mufananize zotsatira za njira ziwirizo pa galafu ya Bland-Altman. Zonsezi zisanachitike komanso chilolezo chisanapezeke, nambala ya pa chipi isalembedwe pa pepala la wodwala aliyense.