Kodi kuwonongeka kwa maso a mwana kungaoneke asanabadwe?

Mayi woyembekezera: Ndili ndi pakati pa miyezi isanu, ndipo magazi aonetsa kuti ndatenga tizilombo ta Toxoplasma gondii, mwina kuchokera ku ndowe za mphaka. Kodi sikani ingaonetse ngati maso a mwanayu awonongeka?

Mzamba: Pepani mayi. Sikani imatha kuonetsa madzi ochuluka m'mutu kapena timadontho toyera mu ubongo, koma zipsera za kumbuyo kwa diso sizioneka kawirikawiri. Chimene chimasonyeza ngati mwana watenga matendawa ndi kuyeza madzi a m'chiberekero mimba ikapitirira masabata 18. Funsaninso adokotala mwamsanga za mankhwala a spiramycin, amene amathandiza kuti tizilomboti tisafike kwa mwana.

Mayi wina: Wanga anabadwa ndi matenda omwewa, maso ali bwinobwino, koma chipsera chinapezeka ali ndi zaka zisanu, ndipo dokotala wa maso amamuonabe chaka chilichonse.