Chiponde changa achikana ku shopu, ndiyambire pati?

Nabanda (Kamwendo): Anzanga opanga chiponde, ndithandizeni nzeru. Ndinapita ndi mabotolo 40 ku shopu ina ku Lilongwe. Analawa n'kuchikonda, koma akuti popanda chizindikiro cha MBS, bungwe loona za miyezo ya katundu, sachiika pa shelefu. Pano pali mnyamata wina akuti ndimupatse K120,000 andiyendetsere mapepala onse komanso andiphunzitse. Ndalamayo ndingakatenge ku banki mkhonde. Ndimupatse?

aPhiri (Waliranji): Mayi, ndalamayo isatuluke kaye. Pitani ku boma, ku ofesi ya DC, mukafunse a zamalonda. Kufunsa salipiritsa. Iwowo ndi amene amadziwa magulu omwe akulembedwa mayina a maphunziro, kaya a SMEDCO (kale SMEDI), othandiza mabizinesi ang'onoang'ono, omwe ali ndi malo awo ku Mponela, kaya a TEVETA. TPIN, nambala ya msonkho ya ku MRA, nayo ndi yaulere, musalole munthu akugulitseni. Zolipira zilipo ndithu, kulembetsa bizinesi ndi kuyezetsa katundu ku MBS, koma mulipire nokha pa ofesi mutenge lisiti.

Nachisale (Mkanda): Ine ndikufunseni kaye achemwali, mtedza mumagula kuti?

Nabanda: Kwa mavenda pamsika, wosenda kale.

Nachisale: Ndiye vuto lanu layambira pamenepo, mapepala abwera pambuyo. Ambiri amawaza madzi mtedza kuti usendeke msanga komanso ulemere pa sikelo. Ukalowa m'thumba uli wonyowa umachita chuku, ndipo poizoni wake, aflatoxin, saoneka ndi maso. Kukazinga sikumuchotsa. Mungalipire munthu ndalama zonsezo, chiponde n'kukalephera ku labu. Ndipo chiponde chathuchi amadya kwambiri ndi ana, m'phala, pomwe poizoniyu amaononga chiwindi. Zimenezi zimandikhudza kwambiri.

Ineyo anandiphunzitsa ndi alangizi a ku EPA, ofesi ya zaulimi ya kwathu, osalipira ngakhale tambala. Kuyanika kwa Mandela cock kuja (kuunjika mtedza wozula mozungulira kuti mphepo izidutsa), kusunga mtedza m'makoko mpaka nthawi yogwiritsa ntchito, kusanja matumba pa mitengo osati pansi, kusankha n'kutaya wofota ndi wakuda. Wotayawo musapatse ana ayi. Pano ndimagula wamakoko kwa alimi a m'makalabu a NASFAM, ndimasenda ndekha.

aPhiri: Apo anena zoona a Nachisale. Komanso a MBS amadzaona malo opangira, sikuti amangolawa. Kodi mumapangira kuti?

Nabanda: Pakhonde, chigayo chaching'ono chija chili m'khitchini.

aBanda (Kapiri): Alongo, panokha zikulemerani. Ife tinasonkhana anthu 12, tikubwereka nyumba imodzi yokhala ndi simenti pansi, ndipo ndalama yoyezetsa timagawana. Maphunziro aulere nawo amakonda kuitana gulu kusiyana ndi munthu mmodzi. Ngati pa Kamwendo pali ena atatu kapena anayi, yambani nawo kukambirana, a zamalonda omwewo akuuzani za kopareti.

Nabanda: Alipo amayi atatu a ku banki mkhonde kwathu omwe amapanganso. Ndiwauza Lachitatu tikakumana. Mnyamata uja ndamuyankha kuti ayi. Mawa ndilawirira ku boma ndi kope langa la malonda. A Nachisale, ndikufuna ndidzaone m'mene mumasankhira, Loweruka mulipo?

Nachisale: Ndilipo. Mubwere ndi kathumba ka mtedza mwagulawo, tidzausankhe limodzi muone wotaya kuchuluka kwake.