Nkhani yoopsa ija yayamba kuyenda

Sabata yatha ndinafunsa kuti munthu angalembe bwanji nkhani yochititsa mantha popanda kuthamangira mfiti youluka pa lichero. Ambiri munati ndiyambire pa chinthu chimene ineyo ndimachiopa. Zikomo kwambiri, malangizowo andithandiza.

Chimene ndimaopa ndi nyanja usiku. Lachitatu ndinapita ku Makawa kukacheza ndi asodzi a usipa, aja amayatsa nyali pamadzi kuti nsomba zisonkhane. Bambo wina wachikulire anandifotokozera mmene mwera umavutira mu June ndi July, mafunde kumenya bwato mpaka nyali za anzako osazionanso. Nkhani yanga yabadwira pomwepo: msodzi akuwerenga nyali, akupeza kuti yawonjezekera imodzi, ndipo imodziyo ikubwera kwa iye molimbana ndi mphepo. Mwini nyaliyo sindimuonetsa mpaka pamapeto.

Ndalemba masamba 7 pa foni. Ndimadzijambula mawu ndikuwerenga mokweza, ndipo pamene mpweya wandithera ndimadula chiganizo. Mtanthauziramawu wa Chinyanja ukundithandizanso pa kalembedwe ka mawu.

Pondivuta tsopano ndi pa macheza a asodziwo, poti ambiri kuno ku Mangochi amalankhula Chiyao. Kodi ndisiye mawu angapo a Chiyao osawamasulira?