Mng'ono wanga akufuna kusiya Physics ndi Chemistry ku Fomu 3, ndisayine?

Anaphiri88:

Moni nonse. Ndikupempha nzeru, makamaka kwa aphunzitsi ndi inu amene munadutsa kale njira imeneyi. Mng'ono wanga wakhoza JCE ndipo akuyamba Fomu 3. Makolo athu anatisiya, ndiye za sukulu yake ndimaona ndine. Dzulo wabwera ndi pepala loti ndisayine, la maphunziro amene atenge mpaka MSCE. Kuyang'ana bwino, Physics ndi Chemistry palibe. Nditamufunsa akuti, "Achemwali, ine ndikufuna mapointi ochepa. Sayansi imangomukwezera munthu mapointi." Akuti a Fomu 4 anawauza kuti ku yunivesite amangoona mapointi basi.

Chondidabwitsa n'chakuti mwana yemweyu kuyambira ku pulayimale nyimbo yake ndi ya unamwino. Ali wamng'ono ankatimanga nsanza m'miyendo ati akutichiza mabala. Ine sukulu ndinalekezera Fomu 2, ndiye akayamba kundiwerengera za mapointi ndimangoti kakasi. Pepalali likufunika Lolemba. Kodi zimene akunenazi n'zoona?

Mphunzitsi_wa_Bio:

Mayi, cholembera chiyambe chakhala pansi. Ana a Fomu 4 aja amuuza theka la nkhani.

Pa MSCE magiredi amayambira 1 kufika 9. Giredi 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi pass chabe, 9 ndiye walephera. Mapointi amene ana amatchula aja amapezeka pophatikiza magiredi a maphunziro 6 amene mwana wakhoza bwino, Chingerezi chili momwemo. N'chifukwa chake wochita bwino koposa amakhala ndi 6. Kuti munthu afunsire malo ku yunivesite ya boma amayenera kukhala ndi ma credit 6, limodzi la Chingerezi. Mpaka apa mng'ono wanu akulondola.

Pamene wasochera ndi apa: ma credit 6 amangokulolani kudzaza fomu. Pulogalamu iliyonse ili ndi maphunziro akeake amene imafuna, ndipo posankha amayang'ana mmene mwana anakhozera maphunziro amenewo. Za umoyo ku yunivesite ya KUHeS zimafuna sayansi ndi masamu. Uinjiniya ku yunivesite ya MUBAS kapena ya MUST, popanda masamu ndi Physics musavutike n'komwe. Mwana atha kukhala ndi mapointi 12 okongola, koma ngati sayansi sanalembe, dzina lake silifika n'komwe pa mpikisano wa unamwino. Chaka chilichonse ndimalandira ana otere, atanyamula zotsatira zabwino, kundifunsa chochita. Pamenepo ndilibe choyankha, chifukwa khomo analitseka okha zaka ziwiri m'mbuyomo, tsiku losayina kapepala ngati kamene muli nakoko.

Chitani izi lisanafike Lolemba. Bungwe la NCHE, limene limayendetsa zofunsira malo m'mayunivesite a boma, limatulutsa chikalata chosonyeza mapulogalamu onse ndi zofunika zake. Pezani cha chaka chatha pa intaneti, mukhale naye pansi, awerenge yekha mzere wa unamwino mokweza. Akamva ndi pakamwa pake sadzati achemwali akundikakamiza.

Chikondi_MZUNI:

Aphunzitsi anena zoona, ine ndine mboni. Ulendo woyamba ndinapeza mapointi 16, kunyumba anavina. Mayina atatuluka, langa panalibe. Masamu ndinali ndi 7, ndipo mapulogalamu onse amene ndinasankha ankafuna credit ya masamu. Ndinangotengera zimene anzanga ankalemba, osawerenga zofunika. Ndinabwereza Fomu 4, kukhala m'kalasi limodzi ndi ana amene ndinkawatuma madzi ali Fomu 1. Manyazi ake sindifunira munthu.

Anaphiri, muwonjezere izi. Chingerezi asachitenge ngati chophweka chifukwa amachilankhula. Akapeza 7 pamenepo, ngakhale kwinako kukhale ma 1 okhaokha, fomu yafa. Komanso dzina limene adzalembetse ku MANEB lifanane ndi la pa chiphaso cha unzika, chilembo ndi chilembo. Chiphasocho amapereka munthu akakwana zaka 16, ndiye akangokwanitsa mupite naye. Poti mwati makolo anamwalira, sungani bwino zikalata zotsimikizira zimenezo. Podzafunsira ngongole ya sukulu ku bungwe la ngongole za ophunzira, umboni woti kunyumba n'kovutika umathandiza, ndipo kuyamba kuusaka nthawi itatha n'kowawa.

Bambo_a_Tadala:

Ine ndisiyaneko pang'ono ndi anzangawa. Tonse tikuthamangira kuti atenge sayansi, koma palibe wafunsa kuti m'kalasi amakhoza bwanji. Mwana wanga woyamba ndinamukakamiza Physics chifukwa ndinkafuna injiniya pakhomo. Zaka ziwiri ankangolimbana ndi phunziro limodzi, mpaka History ndi Geography zimene ankazikonda zinalowa pansi. Pomaliza sanapeze uku, sanapeze uko. Mlandu umenewo ndi wanga, osati wake.

Ndiye mayi, tulutsani malipoti ake a Fomu 1 ndi Fomu 2. Ngati masamu ndi sayansi amapeza zapakatikati, alimbe nazo, zimatheka. Koma ngati wakhala akugwa teremu iliyonse, mukambirane zoona, chifukwa zamalamulo, uphunzitsi, utolankhani, zonsezi ndi ntchito. Mufunsenso ngati pasukulupo pali labu ndi mphunzitsi wa Chemistry wokhazikika. Mayeso a sayansi ali ndi gawo la practical, ndipo mwana woti sanagwirepo test tube amanjenjemera tsikulo.

Chimodzi chokha ndivomereze: ngati mtima wake ulidi pa unamwino, njira yozemba sayansi kulibe. Ngakhale makoleji a unamwino a mishoni, a pansi pa CHAM aja, amafunanso sayansi.

Anaphiri88:

Zikomo nonse, mwanditsegula maso. Usiku tinakhala pansi ndi malipoti monga ananenera Bambo a Tadala. Biology amapeza ma 70, masamu ma 60, Chemistry ndiye imasinthasintha. Physics yokha ndi imene inagwa teremu yomaliza, anapeza 38. Nditamufunsa bwinobwino anayamba kulira. Akuti mphunzitsi anamuseka pamaso pa kalasi atalakwitsa samu pa bolodi, anyamata n'kumamutchula dzina lachipongwe mpaka kutsekera. Kuyambira pamenepo amakhala kumbuyo, safunsanso funso. Nkhani ya mapointi ija inali chophimbira chabe.

Chikalata cha NCHE tinachipeza pa foni ya mnzanga. Anawerenga yekha mzere wa unamwino, kawiri, kenako anakatenga pepala lija n'kufufuta ndi dzanja lake. Sindinasayinebe. Lolemba ndipita naye ndekha kukaonana ndi ahedi, ndikufuna ndimve ngati Fomu 3 adzaphunzitsidwe ndi mphunzitsi yemweyo. Aphunzitsi a Bio, nkhani ngati imeneyi ndikaiyambe bwanji kuti mwana asakadedwe nayo?